"Azibwera kudzaona ana" sizikukwana, tilembe tsiku, malo ndi woyang'anira

Banja likatha kuno ku Salima timadziwa kukhala pansi. Ankhoswe a mbali zonse amabwera, pena nkhani imafika kwa amfumu, pena kutchalitchi kapena kwa ashehe, ikakula imakafika ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku ofesi ya social welfare paboma. Ndipo tikakhala pansipo timawerenga chilichonse, malata angati, mbuzi zingati, njinga atenge ndani, matiresi, mapoto, mpunga womwe uli m'matumba ugawidwe bwanji, kukakhala bwato kapena ukonde nde nkhani yake imatha tsiku lonse. Koma pofika pa ana nthawi imakhala yatha, anthu atopa, wina wayamba kale kuyang'ana dzuwa poganiza za kabaza wobwerera, nde wamkulu mmodzi amangoti "ana akhala ndi mayi awo, bambo azibwera kudzawaona." Onse nkuwomba m'manja, nkubalalika.

Ine nkhawa yanga ili pa mawu omalizawo. Azibwera liti? Azifikira kuti? Azikhala maola angati? Ngati banjalo latha chifukwa bambo ankamenya mayi mpakana kukagonekedwa kuchipatala, azibwera pakhomo pomwepo mayi ali okha ndi ana? Ngati anaopsezapo kuti tsiku lina ndidzamutenga mwana wangayu simudzamuonanso, timupatse mwanayo apite naye kukagula mandasi pa Kamuzu Road ali awiriwiri? Palibe amafunsa. Ku banki mkhonde munthu akabwereka K20,000 timalemba m'kope tsiku lobweza, chiwongola dzanja, mboni nkusayina, koma za mwana wamoyo timangozisiya m'malere kuti zidzaoneka zokha. Nde maganizo anga ndi awa, pomwe pali mantha enieni kholo lomwe silikukhala ndi mwana lizimuonabe, koma pamaso pa munthu wachitatu wotchulidwa dzina, pa tsiku lodziwika, pa malo odziwika, ndipo zonsezi zilembedwe tsiku lomwelo la zokambirana anthu asanadzuke pa mphasa.

Zikasiyidwa m'malere zimathera mbali ziwiri ndipo zonse ndi zoipa. Pena bambo amatenga mawu aja ngati chilolezo chofikira pakhomo nthawi iliyonse. Amatulukira 9 koloko usiku atalawa, ati ndabwera kudzaona ana anga, ana ali mtulo, kwenikweni akufuna aone ngati pakhonde pali nsapato za mwamuna wina. Mayi akakana kutsegula, mawa lake nkhani ili kwa ankhoswe kuti akundiletsa ana. Ena amakamutenga mwana kusukulu nthawi ya buleki, aphunzitsi sangakane poti ndi bambo ake ndipo palibe pepala lililonse lomwe anaonetsedwa, pofika madzulo mwana ali mu minibasi ya ku Dwangwa kapena ya ku Lilongwe, foni yazimitsidwa. Penanso mayi ndi abale awo, poopa zomwezi, amangotseka khomo kotheratu. Bambo akabwera amauzidwa kuti mwana wapita kwa agogo, akabweranso wapita kumunda, chaka nkutha, chachiwiri nkutha, bambo nkugwa ulesi nkukakwatira kwina, mwana nkumakula akuwadziwa bambo ake kudzera m'mawu oipa okhaokha omwe amamva akuluakulu akulankhula madzulo pamoto.

Mwambo wathu umathandizira kutsekaku, tisabise. Kwa Achewa ndi Ayao ambiri kuno ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume, mkamwini banja likatha amanyamula chikwama chake nkubwerera kwawo. Zili ndi ubwino wake, mwana sasowa pokhala ndipo sachoka pa dothi la amayi ake. Koma zimapangitsanso anthu kumaona ngati bambo kuona mwana ndi chifundo chomwe akuchikazi angapereke kapena kulanda malinga ndi mmene adzukira tsiku limenelo. Pomwe panali chitengwa, kapena pomwe bambo ali ndi ndalama kuposa akuchikazi onse, zimatembenuka, mwana amatsala kuchimuna nde ndi mayi amene amaima kunja kwa mpanda kumapempha kuti andiitanireko mwana wanga. Ndiye olo ndikutchula kwambiri abambo poti ndi zomwe zimachuluka, zonse ndikunenazi zikukhudzanso mayi yemwe ana anatsala kwa mwamuna.

Lamulo silimaona kuti kholo kuona mwana wake ndi chifundo. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limati ana onse ndi ofanana posatengera mmene anabadwira, ndipo ali ndi ufulu wodziwa makolo awo ndi kuleredwa nawo. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 limalola kholo, ngakhalenso wachibale, kupita ku khoti la ana kukapempha kuti azisunga mwana kapena azimuona nthawi ndi nthawi, ndipo khotilo limayenera kuyang'ana chomwe chili chokomera mwanayo komanso kumva maganizo ake. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, lomwe dziko la Malawi linavomereza mu 1991, mu ndime 9 limati mwana yemwe walekana ndi kholo ali ndi ufulu wokumana nalo pafupipafupi, pokhapokha ngati kuteroko sikumukomera mwanayo. Ufuluwo ndi wa mwana, osati wa bambo, osati wa mayi. Nde pamafunika kusunga zonse ziwiri nthawi imodzi, mwana asataye kholo lake komanso asaikidwe pa ngozi, ndipo njira yomwe ine ndikuiona yosungira zonse ziwirizo ndi munthu wachitatu uja.

Sindikunena kuti banja lililonse lomwe latha likufunika woyang'anira ayi. Ambiri amasiyana poti chikondi chatha basi, bambo amabwera Loweruka kudzatenga ana, amakagona kwa agogo a kuchimuna ku Khombedza, Lamulungu madzulo abwerako, palibe vuto. Amenewo asiyeni, kuwaikira mlonda nkuwanyoza. Ndikunena za pomwe panali nkhanza, pomwe kholo limamwa mpaka kuiwala kuti labwera ndi mwana kunyanja, pomwe linathawitsapo mwana kapena kuopseza kutero, pomwe likudwala matenda a maganizo ndipo silinakhazikike pa mankhwala, komanso pomwe bambo anapita ku Joni mwana ali wakhanda nde abwera mwana ali Sitandade 3 sakuwadziwa nkomwe. Womalizayu mwina si munthu woipa, koma kumunyamula mwana kuti akagone kwa munthu yemwe kwa iye ndi mlendo ndi kumuzunza, ayambe azolowerana pali wina yemwe mwanayo angathawireko akachita mantha.

Ku England nkhani imeneyi anaikonzera malo ake, amati contact centre. Anayamba ku Nottingham m'ma 1980, ndipo kuyambira 1991 kuli bungwe la National Association of Child Contact Centres lomwe limaona kayendetsedwe ka malo oterewa. Ambiri si nyumba zapamwamba ayi, ndi holo ya tchalitchi yomwe imatsegulidwa Loweruka, muli zidole, ogwira ntchito ambiri ndi ongodzipereka. Chomwe ndimakonda ine ndi choti anasiyanitsa magawo awiri. Pali pomwe mabanja angapo amakhala mu holo imodzi, ongodzipereka aja ali chapatali, chachikulu nkuonetsetsa kuti malowo ndi abata ndipo makolo awiriwo sakukumana nkuyambana. Nde pali pomwe chiopsezo ndi chachikulu, apo banja limakhala limodzi lokha, munthu wophunzira ntchitoyo amakhala pafupi moti akumva mawu alionse, amalemba zomwe waona ndipo lipoti lake limatha kupita kukhoti. Sindikuti timange zimenezo ku Salima, ndalama zake tizitenga kuti. Koma nzeru ziwirizo, kusiyanitsa kukula kwa chiopsezo ndi kulemba zomwe zachitika, sizifuna simenti olo thumba limodzi.

Funso lovuta ndi loti woyang'anirayo akhale ndani, ndipo apa mpomwe timaphonya kwambiri. Asakhale mayi a mwanayo. Zikumveka zachidziwikire koma ndi zomwe zikuchitika m'makomo ambiri, mayi yemwe anathawa zibakera ndi yemweyo akuyala mphasa, nkukhala pambali maola awiri akumva munthu uja akulankhula mophiphiritsa kudzera mwa mwana, "ukawauze amako kuti ndikuziona zomwe akuchita." Mwana amamva zonsezo, olo wa zaka 4 amadziwa kuti amayi ake akunjenjemera. Kumeneko si kucheza ndi mwana ayi, ndi nkhanza zomwe zija zikupitirira, kungoti pano zapatsidwa tsiku lake.

Ambiri anena kuti nanga ankhoswe ntchito yawo ndi chiyani. Ndimawalemekeza ankhoswe, mabanja ambiri aima chifukwa cha iwo. Koma taganizani, aliyense wa iwo ali ndi mbali yake, wakuchimuna ndi m'bale wa bambo, wakuchikazi ndi m'bale wa mayi, ndipo ntchito yomwe anaizolowera moyo wawo wonse ndi yolumikiza banja kuti lisathe. Nde mukawapatsa kuti aziyang'anira kucheza kwa bambo ndi mwana, mtima wawo umathamangira ku "mwina abwererana", amayamba kuitana mayi kuti tabwerani mudzapereke moni, tabweretsani madzi akumwa, mapeto ake tsiku la mwana lasanduka bwalo la akuluakulu mwanayo ali pambali kuseweretsa mchenga yekha. Komanso malume a bambo angamuuze mwana wa mlongo wawo, yemwe amawagulira feteleza chaka chilichonse, kuti lero ukununkha kachasu bwerera? Alipo omwe angathe, koma ndi osowa. Kuwonjezera apo maukwati ambiri a kunyanja kuno ndi ongolowana, ku Senga Bay, ku Chipoka, ku Lifuwu, msodzi anachokera kutali, ankhoswe kulibe nkomwe chonsecho ana alipo, nawonso akufuna dongosolo.

Munthu woyenera ndi yemwe mwana amamudziwa ndi kumukhulupirira, yemwe mbali zonse ziwiri zamuvomera pamaso pa mboni, yemwe sadya za m'thumba la aliyense wa awiriwo, ndipo chachikulu pa zonse, yemwe angathe kunena kuti "basi kwatha lero" nkumugwira mwana pamkono kubwerera naye olo bambo akalipe bwanji. Pomwe chiopsezo chili chochepa akhoza kukhala azakhali, agogo, mayi wa bungwe kutchalitchi kapena kumzikiti, mlezi wa kumkombaphala, wa mother group ya pasukulu. Pomwe chili chachikulu ikhale ntchito ya woona za chitetezo cha ana (child protection worker) wa m'deralo kapena wina wotumidwa ndi a social welfare, ndipo pepalalo lidutse kukhoti kuti wolinyozera adziwe kuti wanyozera khoti. Munthu ameneyu tisamusiyenso yekha. Mtsikana wongodzipereka wa zaka 25 sangalimbane ndi bwana wa mabwato asanu yemwe theka la mudzi limagwira ganyu kwa iye, pokhapokha amfumu ndi a community policing atanena poyera kuti wonyoza mtsikanayu wanyoza ife.

Ndipo ntchito yake si kukhala poteropo akuseweretsa foni. Akhale pomwe akuona ndi kumva. Malamulo anenedwe pachiyambi pomwe, osamufunsa mwana kuti kunyumba kumabwera ndani, osanyoza kholo linalo, osamulonjeza mwana kuti ndidzakutenga tizikakhala ku Lilongwe, osabwera utaledzera, osatulukira ndi gulu la abale kapena mkazi watsopano musanagwirizane. Akatha alembe m'kope mizere itatu inayi, tsiku, nthawi yomwe bambo anafika, mmene mwana analili, ngati panali vuto. Kope limenelo limateteza onse. Bambo yemwe wakhala akubwera mokhulupirika miyezi 6 ali ndi umboni woti asanamiziridwe, mayi yemwe akuti munthuyu amabwera ataledzera sakhalanso ndi mawu ake okha, ndipo majisitireti akafuna kusintha chigamulo ali ndi poyambira m'malo momangomva uyu akuti zakuti uyo akuti zakuti.

Za malo. Pakhomo pa mayi ayi, ndanena kale chifukwa chake. Kunyumba kwa bambo poyamba ayi. Kupolisi ayinso, ndikudziwa ena amakonda kumeneko poti kuli chitetezo, koma mwana yemwe amaona bambo ake pa benchi ya kupolisi pokha amakula akuganiza kuti bambo ake ndi chigawenga, ndipo sangasewere momasuka pamenepo. Kugombe ayi, kuli phokoso, mowa, ndi mabwato oti munthu akhoza kukwera ndi mwana nkusowa. Malo tili nawo kale ambirimbiri omwe Loweruka amangokhala otseka, sukulu za mkombaphala, kalasi ya pulayimale, bwalo la tchalitchi, khonde la madrasa. Pali mthunzi, pali chimbudzi, mjigo uli pafupi, mwana amawadziwa. Kafikidwe nako kakonzedwe, bambo ayambe kufika nkukhala mkati, mwana abwere ndi woyang'anira kapena mayi amusiye pa geti, pomaliza mwana ayambe kunyamuka, bambo atsale mphindi 20 kapena 30 kuti asatsatire m'njira. Zikuoneka zazing'ono, koma kwa mayi yemwe anasamuka mobisa kukachita lendi kwina kuti asapezedwe, zimenezi ndi zomwe zimamupatsa tulo.

Tsiku nalo litengere moyo wa anthuwo. "Loweruka lililonse" ndi zabwino kwa mphunzitsi kapena wogwira ntchito paboma. Msodzi wa usipa amagwira usiku ndi nyali, mwezi ukawala nsomba sizibwera ku nyali nde ndi masiku omwe amapumako, bwanji osalemba kuti azimuona mwana masiku a mwezi wowala? Wopita ku chilumba cha Mbenji amakhalitsa komweko nyengo ikatsegulidwa ndipo akazi safikako, nde nthawi yake yeniyeni ndi pomwe chilumba chatsekedwa, Disembala mpaka Epulo. Wodula nzimbe ku Dwangwa ali ndi miyezi yake yomwe sangachoke. Msilamu Lachisanu masana ali kumzikiti, wa Seventh Day Loweruka sangabwere. Kuchoka ku Nkhotakota kufika ku Salima ndi makilomita oposa 100 pa msewu wa M5, nthawi ya mvula milatho imavuta, transipoti ndi yodula, nde kumulembera munthu woteroyo kuti sabata iliyonse nkungofuna adzaoneke wolakwa. Bola kamodzi pa mwezi koma kosaphonya. Mwana yemwe wasamba, wavala malaya ake a kutchalitchi, wakhala pakhonde la sukulu kuyambira 9 koloko mpaka 12 bambo osatulukira, amavulala mumtima kuposa yemwe sanauzidwe kalikonse. Nde palembedwenso kuti ukalephera uimbire woyang'anira dzulo lake, ndipo ukajomba katatu osanena nkhani ibwerere pa mphasa.

Pa ndalama ndilankhula mosapsatira poti apa mbali zonse zimalakwa. Amayi ambiri amati sanatumize ya sopo olo ya yunifolomu nde mwana samuona. Ndikumvetsa kuwawa kwake, kulera wekha mmene zinthu zakwereramu si masewera, ndipo bambo wosathandiza mwana wake akuphwanya lamulo, mutengereni ku khoti la ana akalamulidwe kupereka chithandizo mwezi ndi mwezi. Koma musamulipiritse pa geti. Mwana amazindikira msanga kuti amaonetsedwa bambo ake pokhapokha meseji ya Airtel Money kapena Mpamba ikalowa, ndipo zimenezo zimamukhala mumtima mpaka kukula. Abambonso, mawu oti "sindikumuona nde sinditumiza" ndi opanda nzeru, mwana amadya tsiku lililonse kaya mwamuona kaya simunamuone. Zikhale nkhani ziwiri, mapepala awiri. Ndalama ya kabaza ya woyang'anira nayo igwirizanidwe poyera kuti ndi zingati ndipo ikudutsa kwa ndani, isamaperekedwe m'manja mwakachetechete, chifukwa munthu akayamba kulandira ya fanta kwa bambo, tsiku lomwe bamboyo adzabwere ataledzera pakamwa pake sipadzatseguka.

Tsopano abambo, ndikudziwa chomwe chikukuwawani. Mukuti mwana ndi wanga, magazi anga, ndizimuona ngati ndili kundende ya Maula mlonda ali pambali? Mudzi wonse udziwe kuti sandikhulupirira? Manyazi amenewo ndi enieni ndipo sindikuwapeputsa, makamaka kwa bambo yemwe akunamiziridwa, poti alipodi amayi ena omwe amakokomeza nkhani pofuna kubwezera. Koma taganizani mofatsa. Popanda woyang'anira sikuti mukumuona mwana momasuka ayi, mwina simukumuona nkomwe, mwinanso mukumuona mwankhondo iye akulira. Ndipo ngati mukunamiziridwadi, mboniyo ndi kope lija ndi zomwe zikuyeretseni, palibe njira ina yomwe anthu angakukhulupirireni nayo msanga kuposa imeneyo. Chomwe muyenera kulimbikira inu si kukana woyang'anira, koma kuti pepalalo likhale ndi tsiku lounikanso. Pakatha miyezi 3 tikhalenso pansi tione kope. Zikayenda bwino maola awonjezeke, kenako muzipita naye kumsika woyang'anira ali chapatali, kenako tsiku lonse muli awiri, kenako kukagona. Kuyang'anira kopanda tsiku lounikanso ndi chilango chabe, ndipo mukadandaula pa chimenecho ine ndigwirizana nanu.

Koma pali nkhani zina zomwe siziyenera kufika pa mphasa ya zokambirana nkomwe, ndipo apa mtima wanga umawawa chifukwa timazibweretsabe. Ngati pali chikaiko choti kholo linagwirira mwana kapena kumugwiragwira mosayenera, imeneyo ndi ya polisi ndi chipatala, osati ya ankhoswe, osati ya mbuzi ya chindapusa kwa amfumu, ndipo pasakhale kucheza kulikonse mpaka khoti linene. Chimodzimodzi pomwe mayi anatsala pang'ono kuphedwa. Lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yoletsa munthu wankhanza kuyandikira yemwe amamuzunza, nde oyanjanitsa asamapange mgwirizano wa "azibwera" womwe ukuphwanya chiletso cha khoti. Ku England komwe ndatchula kuja, kuyambira 2014 munthu amayenera kuyamba wakumana ndi woyanjanitsa asanakasume nkhani ya ana, koma pomwe pali umboni wa nkhanza lamulo silimukakamiza zimenezo, ndipo nzomveka, munthu wamantha akakhala moyang'anizana ndi yemwe amamumenya amangovomera chilichonse kuti achokepo. Kwathu kuno mayi amakhala pansi atazolika, azibambo ali pamipando mbali zonse, nkufunsidwa kuti "mwavomera?" Ayankha chiyani? Inu oyanjanitsa, muzimufunsa payekha, pali mayi mnzake, musanalembe kalikonse. Ndipo amene mukuona mwana ali pa ngozi, nambala ya 116 yothandiza ana ndi yaulere, imbani.

A ku Joni nawo tisawaiwale. Kuimbirana pa WhatsApp mwana akuona nkhope ya bambo ake ndi kucheza ndithu, ndipo kwa ana ambiri kuno ndi kokhako komwe ali nako. Koma ikakhala foni ya mayi, zomwe zija zimabwereranso, bambo akuimba pakati pa usiku, akumuuza mwana kuti tatembenuza foni ndione m'nyumbamo, akufunsa kuti mawu a mwamuna ndawamvawo ndi a ndani. Pomwe panali nkhanza, ikhale foni ya azakhali kapena ya woyang'anira yemweyo, Lamulungu 4 koloko masana, mphindi 20, bandulo agule bambo.

Mwananso afunsidwe, koma osati funso lija loti ukufuna amayi kapena abambo, limenelo ndi nkhanza palokha, mukumusenzetsa katundu yemwe akuluakulu walephera kunyamula. Mufunseni kuti ukufuna akhalepo ndani, azakhali kapena agogo, ukufuna mukakumane kusukulu kapena kutchalitchi, chimakuopsa ndi chiyani. Ngati ali ndi abale ake apite limodzi, wamng'ono amalimba mtima mkulu wake akakhalapo. Ndipo mwana wa zaka 12 akamakana kwamtuwagalu, akumabisala tsikulo likafika, akumadwala m'mimba Loweruka lililonse, musamukoke. Wina wodziwa kulankhula ndi ana akhale naye pansi amve chifukwa chake. Mwina wadzazidwa mawu kunyumba, zimachitika, koma mwinanso pali chomwe anaona kapena chomwe anachitidwa chomwe sanauzepo munthu.

Pempho langa kwa a social welfare, a khoti la ana ndi mafumu a ku Salima ndi ku Nkhotakota ndi laling'ono. Pakhale fomu ya tsamba limodzi, m'Chichewa ndi m'Chiyao, yomwe aliyense woyanjanitsa makolo azikhala nayo, kaya ndi amfumu, abusa, ashehe kapena apolisi. Pakhale polemba tsiku ndi nthawi, malo, dzina la woyang'anira ndi wina womuimirira akadwala, zoletsedwa, ndalama ya kabaza ikuchokera kwa ndani, ndi tsiku lodzaunikanso. Osadziwa kulemba awerengeredwe mokweza adinde chala. Ifotokopedwe kanayi, ya mayi, ya bambo, ya woyang'anira, ndi ya ahedi a pasukulu pomwe mwanayo akuphunzira kuti adziwe yemwe ali ndi chilolezo chomutenga. Mbali imodzi ikakana kusayina kapena ikaphwanya zomwe inasayina, nkhani ipite ku khoti la ana pamodzi ndi fomuyo ndi kope la woyang'anira, ndipo amene alibe ndalama ya loya akafunse ku Legal Aid Bureau, ntchito yawo ndi yothandiza anthu oterowo.